Mafupawa si a galu ayi

Loweruka lina mu July, chiperoni chitaphimba phiri la Michiru moti sumaliona n'komwe, ndinatsika wapansi kuchoka ku Namiwawa kupita ku butchala ina m'tauni. Ndinapempha makilo awiri a mafupa a ng'ombe, a m'miyendo aja okhala ndi mafuta m'kati, ndi kachidutswa ka mchira. Bambo odula nyama anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, kenako n'kufunsa mwaulemu wonse: "Agalu ake ndi angati, achimwene?"

Sanalakwe kufunsa. Munthu wochokera kumayadi akagula mafupa opanda mnofu, nthawi zambiri amakhala akukaphikira agalu olondera mpanda. "Ndikadya ndine, bambo," ndinatero. Anakhala kaye chete, kenako anandiponyera fupa lina la banyira. Ndikukhulupirira kuti anandimvera chisoni.

Chomwe ndinkafuna kukaphika ndi msuzi wa ku Vietnam wotchedwa phở. Timichira tili pa chilembo chomalizacho tisakuopseni. Katchulidwe kake kali pafupi ndi kunena kuti "fa?" mokweza mawu ngati ukufunsa funso. Eya, ndikudziwa, m'Chichewa zikumveka ngati malodza. Chinenero chawo chimakweza ndi kutsitsa mawu ngati chathu, mmene timasiyanitsira mtengo wa mango ndi mtengo wa sopo, kungoti iwo amalemba zizindikiro zake pamene ife timangomusiya wowerenga kuti adzionere yekha. Chakudyacho chili chonchi: m'mbale yakuya amaikamo ma noodles oyera a ufa wa mpunga, pamwamba pake nyama ya ng'ombe yodula mopyapyala ngati pepala ndi anyezi wamasamba, kenako amathira msuzi wotentha kwambiri, wosefeka bwino moti pansi pa mbale pamaoneka. Ambiri kumeneko amadya m'mamawa asanapite kuntchito, nthawi imene ife timakhala tili pa tiyi ndi mbatata.

Dzinali ndinalimva koyamba kwa msuweni wanga wa ku Dedza. Amene mumakhala m'malire ndi Mozambique mukuidziwa Movitel, kampani ya mafoni imene inayamba ntchito kumeneko mu 2012, yomwe mwini wake wamkulu ndi Viettel ya ku Vietnam. Msuweni wangayo anagwirako ganyu yokumba ngalande za mawaya cha ku Angónia, ndipo anabwerako ndi nkhani imodzi imene ankaibwereza pamaliro ndi paukwati pomwe: anyamata a ku Vietnam aja, tsiku lopuma, ankagula mafupa amene aliyense wawasiya pamsika n'kuwawiritsa kuyambira usiku mpaka m'mawa. "Msuzi wake ngati madzi, aise, koma ukaumwa umamva ng'ombe yonse." Mawu amenewa anandikhala m'mutu zaka zambiri.

Mukafufuza pa YouTube, aliyense amautchula msuziwu kuti ndi chakudya cha makolo a ku Vietnam. Inenso ndinkaganiza kuti ndi wa zaka chikwi, wa nthawi ya mafumu awo akale. Ayi ndithu. Tchalitchi cha St Michael and All Angels pa HHI apa, chimene anamaliza kumanga mu 1891, ndi chachikulu msinkhu kuposa phở. Mandala House ya 1882 ndiye ndi agogo ake. Mfalansa wina, Georges Dumoutier, analemba mwatsatanetsatane za zakudya za anthu a kumpoto kwa Vietnam, ndipo m'zolemba zake za 1907 phở mulibe. Pofika 1931, mawuwa anali atalowa kale m'buku lotanthauzira mawu losindikizidwa ku Hanoi. Ndiye kuti msuziwu unabadwa ndi kufalikira m'zaka zomwe kuno tinali pa thangata ndi msonkho wa nyumba, zaka za John Chilembwe. Ndi mwana wa nthawi ya atsamunda, ndipo chiyambi chake ndi funso lomwe lija la bambo a ku butchala: mafupa ndi a ndani?

Afalansa asanabwere, mlimi wa m'chigwa cha mtsinje wa Red River sankapha ng'ombe wamba. Ng'ombe ndi njati zoweta zinali thirakitala yake, zolimira m'minda ya mpunga. Nyama ya masiku onse, kwa amene akanatha, inali nkhumba, nkhuku ndi nsomba. Afalansa analanda chigawo cha kumpoto, chimene ankachitcha Tonkin, m'zaka za 1883 ndi 1884. Mu 1887 anakhazikitsa boma la Indochina, zaka zinayi Angerezi asanalengeze ulamuliro wawo kuno, ndipo mu 1902 Hanoi inakhala likulu. Asilikali, akalaliki ndi amalonda achifalansa ankafuna nyama ya ng'ombe patebulo monga kwawo. Ng'ombe zinayamba kuphedwa mochuluka. Mnofu wabwino unkapita kunyumba za azungu. Mafupa, mitsempha ndi tizidutswa tolimba zinkatsala pamsika, zotsika mtengo, zoti wina aone chochita nazo.

Amene anaona chochita nazo anali mavenda. Kunali kale chakudya cha anthu osauka chotchedwa xáo trâu, nyama ya njati yophika ndi msuzi, yodyera ma noodles, chimene ankagulitsa kwa anthu onyamula katundu m'madoko a mtsinje. Kunalinso Atchaina ambiri ochokera ku Guangdong ndi Yunnan, ogwira ntchito m'mabwato ndi ogulitsa zakudya, amene ankadziwa ma noodles a mpunga ndi zonunkhiritsa zawo. Penapake pakati pa anthu amenewa, wina anachotsa njati n'kuikapo ng'ombe. Mzinda wa Nam Định, womwe uli pamtunda wa makilomita pafupifupi 90 kuchokera ku Hanoi, umati mwana ndi wawo. Kumeneko Afalansa anamanga fakitale yaikulu ya nsalu, ndipo anthu a m'mudzi wa Vân Cù, makamaka a banja la Cồ, ankagulitsa msuziwu kwa antchito asanafalikire nawo ku Hanoi. A ku Hanoi nawo amati ndi wawo. Mkanganowu sunathe mpaka lero, ndipo mu 2024 boma lawo linangolemba onse awiri, phở wa ku Hanoi ndi wa ku Nam Định, pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha dziko.

Wogulitsa wa nthawi imeneyo analibe lesitilanti. Ankanyamula mtengo paphewa, mbali ina kabokosi ka mphika uli pamoto, mbali ina kabokosi ka mbale, ma noodles ndi nyama, n'kumayenda m'misewu mbandakucha ndi usiku akufuula. Ogula ankadya chiimirire kapena chonjuta m'mbali mwa msewu. Mukadutsa ku Makata kapena ku Ginnery Corner nthawi ya nkhomaliro, mukaona amayi a mapoto ndi anyamata a chiwaya atazunguliridwa ndi antchito a m'mafakitale, ndiye kuti mwaona kumene phở anachokera.

Nditafika kunyumba ndinakoleza mbaula, chifukwa msuziwu umafuna maola osachepera asanu ndi limodzi ndipo magetsi sungawadalire nthawi yaitali choncho. Gawo loyamba ndi limene mayi anga akanaliona akanandilanda chikombe. Umaika mafupa m'madzi ozizira, kuwiritsa mwamphamvu mphindi ngati khumi mpaka thovu lakuda litayandama, kenako madzi onsewo umataya. Eya, kutaya. Kwathu kutaya madzi a nyama ndi mlandu wa kwa amfumu. Koma m'madzi oyambawo mumakhala magazi ndi zinyalala zimene zimadetsa msuzi. Umatsuka fupa lililonse, kutsukanso mphika, kuthira madzi atsopano, ine ndinathira malita asanu, n'kubwezera pamoto wochepa. Apa ndiye pamafunika mtima. Mphika usabwadamuke, uzingotulutsa tithovu apo ndi apo ngati munthu wopuma ali m'tulo. Ukabwadamuka, mafuta amasakanikirana ndi madzi ndipo msuzi umachita mbuu. Pa mbaula zimenezi zimatanthauza kuphula makala ena, kukwirira otsalawo ndi phulusa, ndi kukhala pafupi n'kumawengula thovu. Nyama ya pachifuwa ndinaiika limodzi ndi mafupa, n'kuivuula patatha maola awiri isanasanduke ulusi.

Kenako umatenga anyezi ndi jinja, osasenda, n'kuziika pamakala penipeni mpaka khungu litapserera, m'kati mutafewa. Umapala zakudazo n'kuponya mumphika. Kachitidwe kameneka ndi kamene kamayambitsa mkangano wina, wa dzina. Afalansa ali ndi chakudya chawo chotchedwa pot-au-feu, kutanthauza mphika wa pamoto: ng'ombe ndi mafupa zowiritsa nthawi yaitali, ndipo ophika ena amawambamo anyezi chimodzimodzi. Mawu akuti feu amamveka ngati phở, choncho ena amati dzina ndi luso lomwe zinachokera kukhitchini ya bwana, kudzera mwa makhukhi. Ena amati ayi, dzinali ndi chidule cha mawu a Chikantoni otanthauza ma noodles a nyama ya ng'ombe, amene m'katchulidwe ka ku Vietnam ndi ngưu nhục phấn. Mavenda pofuula ankameza mawu oyambawo n'kutsala ndi lomaliza. Buku lija la 1931 linatsata njira yachiwiriyi. Inenso ndili komweko, ndipo chifukwa changa chili m'kansalu kamene ndinamangamo zonunkhiritsa: star anise, kambewu kouma kooneka ngati nyenyezi, khungwa la sinamoni, ma clove, ndi cardamom wakuda wonunkha utsi. Mphika wa Mfalansa umadziwa karoti ndi ndiwo zina zamasamba. Fungo la phở ndi la kumalire a China. Komanso ndimakayikira nkhani iliyonse imene imathera pakuti chabwino chilichonse cha anthu olamulidwa anachiphunzira kwa bwana. Bwana anabweretsa njala ya nyama ya ng'ombe, basi. Nzeru ya mafupa inali ya amene anatsalira mafupawo.

Zonunkhiritsazo ndinazipeza m'sitolo ya amwenye ku Limbe, ndipo umayamba wazikazinga pachiwaya chouma mpaka fungo litadzuka, n'kuziika mumphika ola lomaliza lokha. Ukaziika msanga msuzi umawawa ngati mankhwala a chifuwa.

Ndili chikhalire pambali pa mbaula, ndinayamba kuganiza za mang'ina. Kodi si nkhani yomweyi? Ng'ombe ikachoka ku Chikwawa kapena ku Nsanje kubwera m'tauni muno, imagawika monga mmene tauniyi inagawikira kuyambira kale: mnofu kumayadi, ziboda, mutu ndi zam'kati ku Ndirande, ku Bangwe, ku Mbayani. Ndipo amene analandira zibodazo anazisandutsa chinthu chimene mabwana omwe amachiyendera pagalimoto Loweruka m'mawa, mutu ukuwawa ndi za dzulo. Ngakhale a ku Hanoi ali ndi mwambo wofanana: mafupa otsala pansi pa mphika wa phở amawagulitsa usiku kwa anthu omwa kachasu wawo wa mpunga, ndipo dzina lake lanthabwala limatanthauza kufukula manda. Nanga bwanji phở ali pa mndandanda wa chuma cha dziko, pamene mang'ina timawadya mobisala kuseri kwa bala?

Mbali ina ya yankho ndi ya ife olemba. Ku Vietnam alembi akuluakulu sanachite manyazi kulemba za mbale ya m'mbali mwa msewu. Thạch Lam, m'buku lake la 1943 lofotokoza misewu yakale ya Hanoi, anapereka malo aulemu kwa phở ndi ogulitsa ake. Vũ Bằng, atasamukira ku Saigon mu 1954, analemba za zakudya za ku Hanoi ngati munthu wolira kwawo. Nguyễn Tuân mu 1957 analemba nkhani yonse ya mutu wakuti phở basi, yoyambira pa chilakolako chimene chinamugwira ali paulendo ku Finland, ndipo akuluakulu a chipani anamudzudzula kuti akutaya nthawi ndi za m'mimba pamene dziko likumanga sosholizimu. Ife a dziko limene linakhala ndi Censorship Board kuyambira 1968 sitingadabwe kuti boma likhoza kuopa nkhani ya msuzi. Koma taonani chimene alembiwo anachita: anatenga chakudya cha onyamula katundu n'kuchipatsa mbiri, malamulo ndi ulemu, mpaka mwana wa sukulu anayamba kukhulupirira kuti kukhala Mvietinamu ndi kudziwa fungo limeneli. Ife m'nkhani zathu za Chichewa timakonda chikondi, ufiti ndi ndale. Munthu akafika pa chakudya timangoti "atatha kudya" n'kupitirira.

Chinanso chimene ndinaona powerenga n'chakuti tsoka lililonse limene linagwera dzikolo linasiya chizindikiro m'mbale. Phở wa nkhuku anatchuka cha m'ma 1939, pamene nyama ya ng'ombe sinkagulitsidwa masiku ena a sabata, ndipo okonda wa ng'ombe ankamuona ngati wachinyengo. Kenako kunabwera nkhondo yachiwiri. Ajapani analowa mu 1940, alimi anakakamizidwa kupereka mpunga ndi kulima mbewu zopangira zingwe ndi masaka m'malo mwa chakudya, mabomba anadula njanji yobweretsa mpunga kuchokera kummwera, madzi osefukira anamaliza zotsala. Njala ya 1944 mpaka 1945 inapha anthu ochuluka zedi kumpoto. Hồ Chí Minh polengeza ufulu pa 2 September 1945 anatchula mamiliyoni awiri, akatswiri ena amaika chiwerengero chotsikirapo. Nam Định, kwawo kwa phở, anali amodzi mwa madera amene anavutika koposa. Agogo athu a kuno ku Blantyre, amene anaona njala ya 1949, akanamvana ndi anthu amenewo popanda womasulira.

Chaka chimene chinagawa msuziwu pawiri ndi 1954. Kuno tinali titangolowetsedwa m'chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chaka chapitacho. Kumeneko, pa 7 May, Afalansa anagonja ku Điện Biên Phủ, ndipo pangano la ku Geneva linadula dzikolo pakati: kumpoto achikomyunizimu, kummwera boma lodalira America. Anthu anapatsidwa masiku 300 osankha mbali, ndipo pafupifupi miliyoni imodzi, ambiri a iwo Akatolika, anachoka kumpoto kupita kummwera. Ena ananyamula mapoto awo. Ku Saigon anapeza dziko lotentha, lachonde, la anthu okonda zotsekemera ndi masamba ambiri. Msuzi unawonjezeredwa shuga. Mbale zinakula. Pambali panabwera mbale ina yodzaza ndi masamba onunkhira, mphodza zomeretsa, mandimu ndi tsabola, kuphatikizapo sosi wa hoisin ndi sosi wa tsabola. Wa ku Hanoi mpaka lero akaona zimenezi amagwira kumutu. Kwa iye phở ndi msuzi, nyama, anyezi, mwina kadontho ka viniga wa adyo, kwatha. Zili ngati mkangano wa nsima ya mgaiwa ndi ya ufa woyera, kungoti uwu uli ndi malire a dziko ndi manda ambiri m'kati mwake.

Pa nkhondo ya America pali nkhani ziwiri zimene sindingazidumphe. Ku Saigon kunali lesitilanti yotchedwa Phở Bình, dzina lotanthauza mtendere. Pansi pankadyera anthu wamba, apolisi, ngakhale asilikali a ku America. Chipinda cham'mwamba chinali likulu lachinsinsi la zigawenga za Viet Cong, ndipo kumeneko ndi kumene kunatuluka malamulo oukira malo angapo mumzindawo, kuphatikizapo ofesi ya kazembe wa America, pa chiwembu cha Tết kumapeto kwa January 1968. Mwini wake anamangidwa n'kuzunzidwa. Lero alendo amadya pansipo n'kukwera kukaona chipindacho.

Nkhani yachiwiri ndi ya kumpoto, ndipo ndi imene imandikhudza kwambiri. Kumeneko malonda a anthu wamba anatsekedwa, chakudya chinkagawidwa ndi makuponi, ndipo phở ankagulitsidwa m'makantini a boma. Nyama inasowa. Anthu ankaima pamzere kuti alandire mbale ya ma noodles ndi msuzi wa madzimadzi wokometsera ndi MSG, wopanda ngakhale kachidutswa. Poona ndege za America zojambula zithunzi zimene zinkauluka popanda munthu m'kati, anthu a ku Hanoi anaupatsa msuziwo dzina lakuti phở không người lái, phở wopanda woyendetsa. Nthabwala ya anjala imeneyo, yofanana ndi ife tikamati lero tadya nsima ya ndiwo za m'maganizo. Pofuna kuti mimba ikhute, ankanyenyeramo buledi kapena kuthiramo mkute wa mpunga wa dzulo. Zimenezi zinapitirira ngakhale nkhondo itatha, mpaka boma linasintha ndondomeko za chuma mu 1986, zimene amazitcha Đổi Mới. Pofika 1989 dziko lomwe linkagawa mpunga ndi makuponi linayamba kugulitsa mpunga kunja, ndipo nyama inabwerera m'mbale.

Saigon inagwa pa 30 April 1975, miyezi iwiri Mozambique isanalandire ufulu. Anthu oposa 100,000 anathawa masiku omwewo, ndipo m'zaka makumi awiri zotsatira pafupifupi 800,000 anafika m'maiko ena pa timabwato. Amene anamira m'nyanja palibe anawawerenga bwinobwino. Anakakhala ku California, ku Paris, ku Sydney. Munthu wothawa kwawo, wosadziwa chinenero, amene satifiketi yake sikugwira ntchito m'dziko lachilendo, amatsala ndi chimene manja ake akudziwa. Ndipo m'maiko olemerawo mafupa a ng'ombe anali otsika mtengo, pa chifukwa chomwe chija cha ku Namiwawa. Ndi chifukwa chake phở amene dziko lonse likumudziwa, wa masamba ndi mphodza uja, ndi wa ku Saigon: amene anathawa ndi a kummwera. Mabuku ambiri ophunzitsa kaphikidwe kake m'Chingerezi analembedwa ndi ana a othawawo, monga Andrea Nguyen, amene banja lake linachoka mu 1975 ndipo mu 2017 anatulutsa The Pho Cookbook. Dziko lathu linasungapo othawa nkhondo a ku Mozambique okwana pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo ku Dzaleka kuli anthu a ku Congo, Burundi ndi Rwanda kuyambira 1994. Ndimadzifunsa kuti ndi mapoto angati amene anadutsa pakati pathu ife osawavundukula.

Tibwerere kumbaula, chifukwa kumeneko ndinakumana ndi zokhoma. Ndinali nditalumbira kuti ma noodles ndipanga ndekha ndi mpunga wathu wa Kilombero. Njira yake ndi yosavuta kuifotokoza: umanyika mpunga usiku wonse, kuupera ndi madzi mpaka ukhale ngati phala lamadzimadzi, kuthira pang'ono pansalu yokunga pamwamba pa mphika wa madzi owira, kuvundikira, ndipo nthunzi imaphika kachikopa kopyapyala kamene umakadula m'timizere. Zanga zinkamatirira pansalu n'kung'ambika. Kilombero ndi wonunkhira, wofewa, wonyata, ndipo ubwino umenewo ndi umene unandigwetsa. Opanga bánh phở amasankha mpunga wouma, wokhalitsa m'nkhokwe, wosamata. Ndinapala chinangwa, kufinya, kudikira kuti sitalichi ikhale pansi, n'kusakaniza ndi phala lija. Zinayamba kugwirana, koma timizere take tinatuluka tonenepa ngati malamba a nsapato. Ndinavomereza.

Nước mắm, madzi a nsomba amene amapereka mchere ndi kukoma kwa pansi pa lilime, ndinagula wa m'botolo m'sitolo ina yaikulu, ndipo mtengo wake unaposa wa mafupa onse aja. Amapangidwa ndi tinsomba tating'ono ta m'nyanja yamchere, tofanana msinkhu ndi usipa, tothiridwa mchere n'kusiyidwa m'migolo pafupifupi chaka. Ukatsegula botolo, fungo lake limakufikitsa pamalo a nsomba mumsika wa Limbe. Ukathira mumphika fungolo limazimirira, n'kutsala kukoma kokha. Ulendo wina ndidzayesa kuwamba usipa wouma pang'ono n'kuumanga m'kansalu komwe kaja. Mphodza ndinali nditameretsa masiku anayi m'mbuyomo pansalu yonyowa, monga timachitira chimera. Tsabola anali kambuzi, mandimu a pamtengo wa kuseri. Wa ku Hanoi akanati si phở ameneyo. Wa ku Saigon akanafunsa za masamba ake. Ine ndinakumbukira kuti chimanga chimene timalumbirira kuti ndi cha makolo chinachokera ku Mexico, ndipo makolo enieniwo ankadya mapira ndi mawere, choncho mtima unakhala m'malo.

Cha m'ma 5 koloko ndinasefa msuzi pansalu yoyera. Unatuluka wa mtundu wa tiyi wopanda mkaka wosapitirira masamba, timaso ta mafuta tikuyandama pamwamba. Ndinadula nyama yaiwisi mopyapyala, nditaiumitsa kaye pang'ono mufiriji kuti mpeni uziyenda bwino, n'kuiyala pa ma noodles anga onenepa aja. Msuzi umayenera kuchoka pamoto uli chiwirire, chifukwa ndi umene umaphika nyamayo m'mbale momwemo. Umaiona ikusintha mtundu pamaso pako.

Nthawi imeneyo alonda a pampanda pathu, bambo achikulire ochokera ku Chilomoni, anali atangofika atavala chijasi chawo cha chiperoni. Fungo linawakoka mpaka pakhomo la kanyumba kanga ka kuseri.

"Kodi kuno kukuphikidwa mankhwala kapena ndiwo?"

Ndinawapatsa mpando ndi mbale. Anaiyang'ana nthawi yaitali, anakankhira mphodza pambali ndi supuni, anamwa msuzi kamodzi, kawiri, osayankhula. Kenako anafinyiramo ndimu, kuthyoleramo kambuzi, n'kumwanso.

"Awa ndi mang'ina," anatero. "Kungoti mwawaphika ngati tiyi. Anakuphunzitsani ndani?"

Ndinayamba kufotokoza za Hanoi ndi Afalansa, koma anandidula ndi dzanja.

"Kansima kalipo, mwanawe?"

Kunali mkute wa dzulo mufiriji, mitanda iwiri. Anaunyema m'tizidutswa, kuponya mumsuzimo, kudikira kuti ufunde, n'kudya mpaka pansi pa mbale. Ponyamuka analoza mafupa amene ndinawaunjika m'beseni pakhonde, oyera, oti ukawagogoda akulira ngati nkhuni youma.

"Amenewo musapatse galu wa abwana ayi. Ndiikireni m'jumbo, mayi akunyumba akawawiritsanso mawa ndi nyemba."